Cingwe ca pa Cimake ca Lupanga la ku Japan

Lero tiwoloka nyanja kupita ku Japan, dziko la zisumbu la kum'mawa kwa Asia. Aphunzitsi, asonyezeni ana dzikoli pa mapu tisanapitirire.

M'nyengo yochedwa Edo, kuyambira caka ca 1603 kufikira 1868, ankhondo ochedwa samurai anali kuyenda ndi malupanga awiri m'ciuno, lalitali ndi lalifupi. Lalitalilo ndilo katana. Anthu ambiri akaona cithunzi cake, maso ao amathamangira ku citsulo conyezimira. Ife tisiya citsulo, tiyang'ane cingwe cimene cimalendewera pa cimake. Ajapani amacicha sageo.

Cimake amacisema kucokera ku mtengo wopepuka wa honoki, nacipaka utomoni wa urushi umene ukauma umasalala ngati galasi. Samurai wa nyengo imeneyo sanali kupacika katana pa lamba ai. Anali kulowetsa cimake m'nsalu yaitali yokulunga m'ciuno, yochedwa obi, mbali yakuthwa ya lupanga itayang'ana kumwamba. Tsono taganizani, mtengo woterera wolowetsedwa m'nsalu! Mwini wake akathamanga kapena kuwerama, cimake cikhoza kupulumuka. Akasolola lupanga mofulumira, cimake cikhoza kutsatira, lupanga osatuluka, mdani ali pamaso pake.

Apa ndipo pagona nchito ya cingwe. Pafupi ndi kukamwa kwa cimake pali kacotupa kobooka, kawirikawiri kosemedwa ku nyanga ya njati, kochedwa kurigata. Cingwe amacipisa pa bowo limeneli, ndipo nsonga zake amazimanga kapena kuzitsomeka m'ciuno. Ca katana cimatalika masentimita 180 kufikira 240. Koma mverani bwino apa: sacimanga mothina. Posolola katana, dzanja lamanja limakokera lupanga kutsogolo pamene lamanzere likukokera cimake kumbuyo. Cingwe cikathina, cimake sicisuntha. Cikalendewera kwambiri, cimakola zala. Ndiye cifukwa cake ophunzira iaido, luso losolola lupanga limene likali kuphunzitsidwa mpaka lero, amaphunziranso kamangidwe ka cingwe ku zingwe za covala cao ca hakama. Cinalinso ndi nchito ina: munthu anali kucimasula namangira naco manja aakulu a covala cake kuti asamsokoneze.

Cingwe cabwino ndi ca silika, ngakhale ziliko za thonje ndi za cikopa. Luso lociluka amalicha kumihimo. Woluka amakhala pa cipangizo ca matabwa, ulusi uliwonse utamangiriridwa ku kanthu kolemera, naupingasa umodzi-umodzi. M'caka ca 1876 boma la Japan linaletsa kuyenda ndi malupanga poyera, ndipo oluka ambiri anatembenukira ku zingwe zomangira obi ya akazi ovala kimono. Mzinda wa Iga ngwochuka ndi nchito imeneyi kufikira lero.

Nanga amacisamala bwanji? Silika amadana ndi dzuwa, cifukwa limasukulutsa mtundu wake ndi kufooketsa ulusi. Amadananso ndi cinyontho, cimene cimabweretsa cuku. Citsulo ca lupanga amacipaka mafuta kuti cisacite dzimbiri, koma dontho la mafutawo likagwera pa cingwe limasiya banga losacoka, motero mwini lupanga amasamba m'manja asanacigwire. Sacicapa m'madzi monga malaya, kuopa kuti utoto ungasuluke. Fumbi amangolisasa ndi kansalu kouma.

Malo ofunika kuwayang'ana kawirikawiri ndi pa bowo paja, pakuti ndipo cingwe cimakhuzika tsiku ndi tsiku. Amisiri amaikapo timphete ta citsulo, komabe ulusi umatha. Ukayamba kuyoyoka, cingwe amacisintha osadikira kuti ciduke. Ndipo wodziwa sanyamula lupanga pogwira cingwe. Kurigata ngwongomatidwa ku mtengo. Akhoza kuzuka, lupanga n'kugwa, mwinanso n'kutuluka m'cimake ndi kuceka munthu.

Lupanga likamagonekedwa pa coikapo cake m'nyumba, cingwe amacikulunga pa cimake ndi mfundo zokongola, zina zooneka ngati gulugufe. Ine ndimazikonda mfundo zimenezi, koma silika akakhala womangidwa zaka zambiri amagwira makwinya osaongoka, ndiye nkwabwino kumasula nthawi zina kuti apume.

Aphunzitsi, wailesi ikatsekedwa gawirani ana timizere tinai ta khonje kapena ta ulusi wa thonje, aluke kacingwe kotalika ngati mkono. Kenaka akapise pa bowo la kathabwa, nakakhuze uku ndi uku nthawi 50, ndipo akuuzeni pamene kayambira kuyoyoka.