Mlendo Ali Pafupi: Mawu kwa Amayi a Chigwirizano

Amayi anzathu okondedwa, pamodzi ndi inu azibambo amene mwatiperekeza pa tsiku lathu lino, mawu athu lero ali pa mwana wathu wamkazi kapena mpongozi wathu amene watopa, ndipo mwezi wake wochira wayandikira.

Mimba imatha masabata ngati 40, koma kuyambira sabata la 37 matenda angathe kuyamba tsiku lililonse, ndipo sasankha usana. Tsono tisanafunse za chipewa ndi masokosi a mwana, tiyambe tafunsana izi: matenda akayamba pakati pa usiku, mvula ili kugwa, mtsinje utadzaza, tidzafika bwanji kuchipatala? Mwini galimoto kapena njinga yamoto auzidwiretu, nambala yake ilembedwe, ndipo ndalama ya ulendo isungidwe payokha, osati pamene timatapa ya ndiwo. Ngati kwathu kuli kutali, mwanayo apite kuchidikiro nthawi ikadalipo, makamaka ngati ndi mimba yoyamba, ngati ndi mapasa, kapena ngati anachirapo ndi opaleshoni. Nyumba zina zodikiriramo zinamangidwa kuyambira mu 2012, pamene Mayi Joyce Banda analimbikitsa uchembere wabwino. Tikudziwa kuti kudikirako nkotopetsa, pakuti ufa umatha ndi nkhuni zimasowa. Apa ndi pamene ife tiyenera kuonekera, wina ndi ufa, wina ndi nyemba, wina kutsala ndi ana kunyumba.

Za katundu sititalikitsa. Zitenje zochapa bwino, beseni, sopo, pepala lapulasitiki loyala, tochi, ndi zina zimene anamwino ananena kusikelo, zonse zikhale m'chikwama chimodzi, buku la kuchipatala lili pamwamba. Kukonzeratu zinthu za mwana sikuitana tsoka ayi.

Tsopano tilankhulane ife akuluakulu, pakuti mtsikana amene matenda amuyamba sadzilamulira yekha, amamvera ife. Alipo ena pakati pathu amene amasunga mwanamphepo kuti mwana abadwe msanga. Amayi, mankhwala amenewa amakakamiza chiberekero kugwira ntchito mwamphamvu njira isanatseguke, kotero kuti chingathe kung'ambika, ndipo mayi ndi mwana yemwe angatisiye tili kuona. Namwino akapereka mankhwala ofulumizitsa matenda amadziwa muyeso wake, ndipo amakhala pomwepo kumvetsera mtima wa mwana. Nanga ife ndi kapu yathu ija, muyeso tiutenga kuti?

Chinanso ndi ichi. Matenda akatalika, ena amamuzinga mtsikana kuti aulule amuna amene anayenda nawo. Mwana sachedwa chifukwa cha zimenezo. Amachedwa chifukwa mutu wake wakula kuposa njira, kapena wagona mopingasa, ndipo izi zimafuna dokotala. Nthawi imene tikutaya ndi mafunso, mutu wa mwana uli kupsinja chikhodzodzo cha mayi, ndipo umu ndi momwe amayi ena amayambira kudontha mkodzo kosaleka, matenda aja a fisitula amene anthu amapita nawo ku Bwaila ku Lilongwe. Azibambo ndi amalume, nanunso nenerani mawu anu lero lomwe, kuti pa tsikulo pasakhale wodikira chilolezo cha munthu amene wapita kumsika.

Pali zizindikiro zosadikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu wosaleka, kuona chimbuuzi, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, mwana kuleka kusewera m'mimba, ndi nsupa kusweka ngakhale matenda asanayambe. Kutupa kwa nkhope kuja tisakuyamikire kuti mimba yamukonda. Kungakhale kuthamanga kwa magazi. Ndipo kufikira tsiku lochira, agonebe m'neti ndi kumwa mankhwala oonjezera magazi.

Mlendo akafika, aikidwe pachifuwa pa amake, khungu ndi khungu, ndipo ayamwe ora loyamba lisanathe. Mkaka woyamba wachikasu uja si woipa monga tinkauzidwira kale. Ndiwo umamteteza ku matenda, choncho usafinyiridwe pansi. Asamfulumizire kumsambitsa, adikire tsiku lathunthu. Pamchombo pasapakidwe phulusa, mafuta kapena mankhwala akumudzi, koma zokhazo zimene apereka anamwino. Ndipo ife opita kukaona mwana, tisambe m'manja ndi sopo tisanamulandire.