KUYAMBA KUYENDA PA NJINGA MU MSEU WA PHULA: UFULU NDI UDINDO WATHU

(Nkhani yokambidwa kwa Akhristu a m'miphakati ya Parishi ya Mua)

Mau oyamba

Nkhani yathu lero ndi ya njinga yakapalasa, makamaka kwa amene angoyamba kumene kukwera, ndiponso kwa makolo amene ali ndi ana ofuna kuphunzira. Ena angafunse kuti nkhani yotere yalowa bwanji m'maphunziro a chitukuko ndi ufulu wa anthu. Yalowa chifukwa pa mseu pamatayika miyoyo, ndipo moyo ndi mphatso ya Mulungu. Malamulo aakulu a dziko lino a chaka cha 1994 amateteza ufulu wa munthu aliyense wokhala ndi moyo. Lamulo lachisanu la Mulungu nalo limatiletsa kupha, ndipo limatilamulanso kusamala moyo wathu ndi wa anzathu.

Kuno kwathu njinga ndi chuma cha banja. Ndiyo imapita nafe kuchigayo, kumunda ndi kumsika. Ndiyo imanyamula mayi wodwala kupita naye kuchipatala cha Mua. Mwana wa sekondale wokhala kutali amafika m'kalasi asadatope chifukwa cha njinga, ndipo anyamata ambiri akudyetsa mabanja awo ndi kabaza. Ife makatekisiti timafika kumatchalitchi akutali ndi njinga yomweyi. Koma ambiri a ife tidaphunzira kukwera pabwalo la kumudzi, tidagwa kawiri katatu, tsiku lachinayi nkulowa mu mseu waukulu popanda wotiuza malamulo ake. Kudziwa kupalasa ndi chinthu china, kudziwa kuyenda pa mseu ndi chinanso. Mfundo yathu yaikulu lero ndi imeneyi.

Mseu umene tikunena

Mishoni ya Mua idakhazikitsidwa ndi ansembe a White Fathers m'chaka cha 1902, nthawi imene anthu a kuno ankayenda pansi m'tinjira ta m'tchire. Lero pafupi nafe padutsa mseu wa M5, wochokera cha ku Balaka, kudzera pa Golomoti, Mua, Mtakataka ndi Chipoka mpaka ku Salima, nkupitirira mpaka kumpoto. Pa Golomoti pamakumana miseu yopita ku Monkey Bay ndi Mangochi, ndiponso wotsika phiri la Khwekhwelere kuchokera kumtunda kwa Dedza. Tsono mu mseu umenewu mumayenda malole olemera, mabasi, maminibasi, njinga zamoto, ngolo za ng'ombe, mbuzi ndi ana asukulu. Pakati pa zonsezi, wapanjinga alibe chitsulo chomuteteza. Thupi lake ndilo limalandira chilichonse.

Lipoti la bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO la chaka cha 2023 lidaonetsa kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pa ngozi za pamseu chaka chilichonse. Oposa theka la anthu amenewa ndi oyenda pansi, okwera njinga zakapalasa ndi okwera njinga zamoto. Eklezia nayo sidakhale chete. M'chaka cha 2007 likulu la Mpingo ku Vatican lidatulutsa chikalata cholangiza Akhristu za khalidwe loyenera pa mseu. Nafenso tiyeni tichite mbali yathu, tiphunzire mwadongosolo m'magawo atatu.

Gawo loyamba: njinga yake

Tisanakwere, tiyambe tayang'ana njinga. Pogula, kaya yatsopano kaya yogwirapo kale ntchito, tifunse lisiti, ndipo tilembe m'kabuku nambala imene idadindidwa pa felemu. Njinga yotsika mtengo modabwitsa, yogulitsidwa madzulo popanda mboni, kawirikawiri imakhala yakuba, ndipo wogula amalowa nawo m'mlandu.

Njinga ikhale yolingana ndi msinkhu wa wokwera. Mwana wopalasa njinga ya abambo ake atalowetsa mwendo pansi pa mtanda angathe kusewera nayo pakhomo, koma asalowe nayo pa phula. Kwa wamkulu, muyeso wa chishalo ndi uwu: mukakhala pachishalo nkuika chidendene pa pedulo imene ili pansi, mwendo uongoke. Chishalo chotsika kwambiri chimapweteketsa maondo, chokwera kwambiri chimakupendamitsani uku ndi uku.

Tsiku lililonse tisananyamuke tione zinthu zinayi izi:

1. Mabuleki onse awiri, akutsogolo ndi akumbuyo. Gwirani buleki nkukankha njinga; ngati tayala likuyendabe, musakwere. Kuima pokhulitsa phazi pa tayala kapena pansi ndi kusewera ndi imfa.

2. Matayala. Dinikizani ndi chala chachikulu. Tayala lochepa mpweya limatopetsa, ndipo chubu chimaboola msanga likagunda dzenje.

3. Mahandulo, chishalo ndi manati a matayala akhale omangika bwino. Masipoko othyoka alowetsedwe ena msanga limu isadapindike.

4. Belu lolira bwino, ndi tcheni chothira mafuta pang'ono.

Pa ulendo wautali tisaiwale pampu, sipanala, zigamba ndi solushoni womatira chubu. Ndalama zokonzera mabuleki nzochepa kwambiri tikayerekeza ndi zogulira bokosi la maliro.

Gawo lachiwiri: kuphunzira pabwalo

Akulu adati mmera mpoyamba. Wophunzira ayambire pabwalo la sukulu kapena la tchalitchi, pamalo olimba opanda mchenga wambiri. Tsitsani chishalo kuti mapazi onse awiri azifika pansi. Wophunzira azidzikankha ndi mapazi, nkumawanyamula pang'onopang'ono, mpaka atazolowera kuyenda mamita angapo osaponda pansi. Pamenepo ndiye ayambe kupalasa. Maso aziyang'ana kutsogolo kumene akupita, chifukwa woyang'ana tayala amagwa. Wophunzitsa agwire kumbuyo kwa chishalo kapena keliyala, asagwire mahandulo, ndipo asamuseke wophunzira akagwa. Amayi ndi atsikana ambiri adasiya kuphunzira chifukwa cha kusekedwa, lero akulipira kabaza pa ulendo umene akadayenda okha. Njinga ya pabanja ndi ya onse, ndipo mwana wamkazi ali ndi ufulu wophunzira chimodzimodzi mlongo wake.

Munthu asatuluke pabwalopo asadakhoze zinthu zinayi izi:

1. Kuyenda molunjika pa mzere wolembedwa pansi, ngakhale pang'onopang'ono.

2. Kuima pamalo pamene wauzidwa, pogwira mabuleki onse awiri pamodzi. Kugwira buleki yakutsogolo yokha mwadzidzidzi kumamuponya munthu patsogolo pa njinga.

3. Kucheuka kumbuyo cha kudzanja lamanja njinga osakhota. Ichi ndicho chimavuta ambiri, chifukwa mutu ukatembenuka manja nawo amatsatira.

4. Kuyendetsa ndi dzanja limodzi, lina litatambasulidwa kupereka chizindikiro.

Akakhoza zimenezi ayambe kuyenda m'njira za fumbi za m'midzi kwa masabata angapo. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Gawo lachitatu: kulowa pa phula

Ulendo woyamba wa pa M5 ukhale waufupi, wam'mawa kutacha bwino, pa tsiku losakhala la msika, ndipo wophunzira atsagane ndi munthu wodziwa. Pa mseu tisunge izi:

1. M'Malawi muno magalimoto amayenda kumanzere, ndipo njinga nayo imayenda kumanzere, kulowera kumene magalimoto akulowera. Ambiri amasokoneza ndi malangizo a oyenda pansi, amene amayenda kumanja kuti aziona galimoto yobwera kutsogolo kwao. Wapanjinga akayenda kumanja amatulukira kumene woyendetsa galimoto sakumuyembekeza, ndipo akaombana, liwiro la onse awiri limaphatikizana.

2. Pochokera m'kanjira kulowa mu mseu waukulu, monga pamene njira yochokera kuno ku Mishoni ikumana ndi M5, imani ndithu, phazi pansi. Yang'anani kumanja, kumanzere, kenaka kumanjanso.

3. Mukakhala angapo, tsatanani mmodzi pambuyo pa mnzake. Nkhani mukakambirana mukafika.

4. Musanakhote, cheukani, kenaka tambasulani dzanja la mbali imene mukupita. Kukhotera kumanja ndiko koopsa kopambana chifukwa mumadula mseu wonse. Wongoyamba kumene atsike kumanzere, adikire, aoloke akukankha njinga. Palibe chamanyazi pamenepo.

5. Lole ikamabwera kumbuyo pamene kutsogolo kukubweranso galimoto ina, patukani muime. Mphepo ya lole imakankha njinga kenaka nkuikokera ku matayala. Kumbukiraninso kuti lole zina zimakoka ngolo, tsono musabwerere mu mseu mutangoona mutu wadutsa. Woyendetsa lole saona bwino zimene zili pafupi kumanzere kwake, choncho musadzipanikize pakati pa lole ndi mphepete mwa mseu. Kugwirira lole pokwera chitunda kwapha anyamata ambiri.

6. Galimoto siima ngati munthu. Liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atagwidwa umawirikiza kanayi. Musanene kuti wandiona, aima.

7. Pa mlatho wopapatiza dikirani galimoto idutse. Pa malo a malonda monga Golomoti ndi Mtakataka chepetsani liwiro, chifukwa minibasi imaima paliponse ndipo chitseko chimatseguka mwadzidzidzi. Podutsa njanji imani, yang'anani mbali zonse, ndipo dutsani molunjika kuti tayala lisaterere pa chitsulo.

8. M'nyengo ya mvula limu ikanyowa mabuleki amachedwa kugwira, tsono yambani kuwagwira mudakali patali. Madzi odikha pa mseu amabisa maenje.

9. Phiri la Khwekhwelere si la wophunzira. Ngakhale odziwa, akanyamula katundu, amatsika malo otsetsereka kwambiri akukankha. Kuthamanga si kufika.

Kuno kuchigwa kumatentha kwambiri mu Okutobala ndi Novembala. Ulendo wautali tiziuyamba mmamawa, titatenga madzi akumwa. Munthu waludzu amachita chizungulire, ndipo chizungulire pa phula ndi ngozi.

Katundu, mdima ndi mowa

Wophunzira asanyamule munthu kapena thumba la chimanga mpaka atazolowera mseu. Pang'onopang'ono ndi mtolo. Nthawi ikakwana, katundu amangidwe zolimba, alemere mofanana mbali zonse, ndipo asatambalale kulowa mu mseu monga timaonera ndi mitolo ya nkhuni, nsungwi ndi malata. Ponyamula mwana wamng'ono tionetsetse kuti mapazi ake sangalowe m'masipoko. Amayi amange bwino chitenje kuti chisakodwe mu tcheni. Mnyamata wofuna kuyamba kabaza adziwe kuti wanyamula moyo wa munthu wina, ndipo adzayankha pamaso pa malamulo ndi pamaso pa Mulungu.

Usiku wapanjinga amaona nyali za galimoto patali, nkumaganiza kuti nayenso akuoneka. Woyendetsa galimoto amamuona mochedwa, makamaka ngati nyali za galimoto ina zikumuthobwa m'maso. Ngati nkotheka tifike pakhomo dzuwa lisanalowe. Ngati sitingachitire mwina, njinga ikhale ndi nyali yoyera kutsogolo ndi chonyezimira chofiira kumbuyo, ndipo tivale zoyera kapena chovala chonyezimira. Amene angathe agule chipewa cholimba choteteza mutu, pakuti kuvulala m'mutu ndiko kumapha apanjinga ambiri.

Za mowa tinene mosabisa. Amene wamwa asakwere njinga. Aisiye kwa mnansi, akaitenge mawa. Chimodzimodzinso foni ndi zomvera nyimbo za m'makutu: makutu ndiwo maso akumbuyo a wapanjinga.

Ngozi ikachitika

Choyamba ndi kupulumutsa moyo. Wina aimitse magalimoto patali. Wovulala anyamulidwe mosamala, mutu, khosi ndi msana zisapindike, ndipo apite naye kuchipatala msanga. Lembani nambala ya galimoto, nthawi ndi maina a mboni, nkukanena kupolisi. Kumenya woyendetsa kapena kutentha galimoto ndi mlandu ndiponso ndi tchimo. Khalidwe limeneli ndilo limachititsa oyendetsa ena kuthawa, wovulala nkutsala pa mseu popanda womutengera kuchipatala. Mlandu uweruzidwe ndi khoti.

Udindo wa mphakati

Mseu ndi wa tonse. Wapanjinga ali ndi ufulu woyendamo monga wagalimoto, ndipo misonkho imene imakonza miseu timapereka tonse. Pamene paoneka kuti pafunika zikwangwani, malo oolokera ana asukulu kapena zitunda zochepetsa liwiro, tisangodandaula pamaliro. Tikambirane ndi mafumu athu, tipite ndi nkhaniyo ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera, kwa khansala ndi kwa phungu wathu, kuti ikafike ku khonsolo ya boma la Dedza ndi ku bungwe loona za miseu la Roads Authority. Tilembe kalata, tisunge ina yofanana nayo, ndipo tizikumbutsa.

Koma ufulu umayenda ndi udindo. Tikupempha mphakati uliwonse usankhe anthu awiri odziwa bwino njinga, bambo ndi mayi, oti aziphunzitsa ana ndi akulu omwe magawo atatu aja. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Tikamuona akuyenda kumanja kapena wopanda mabuleki, timuimitse ndi kumulangiza mwachikondi. M'chaka cha 2018 bungwe la United Nations lidakhazikitsa 3 Juni kukhala tsiku la njinga pa dziko lonse. Tsiku lomweli ife Akatolika timakumbukira Amaritiri a ku Uganda. Lamulungu loyandikana ndi tsikuli tingathe kubwera ndi njinga zathu kutchalitchi, Misa itatha okonza njinga a m'parishi muno aone mabuleki, ndipo Abambo Mfumu atidalitse pamodzi ndi njinga zathuzo.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Ndi malo ati mu mseu wa pakati pa Golomoti ndi Mtakataka amene ali oopsa kwa apanjinga? Chifukwa chiyani?

2. Mwa njinga za m'mphakati mwathu, ndi zingati zili ndi mabuleki onse awiri, belu ndi chonyezimira?

3. Nchiyani chimalepheretsa amayi ndi atsikana a m'mudzi mwathu kuphunzira njinga? Tingathandize bwanji?

4. Ngozi itachitika pafupi ndi mudzi wathu, ndani angachite chiyani?

5. Ndi pempho liti limene tingapite nalo kwa khansala wathu mwezi uno?

Mulungu atisunge ponyamuka, pa mseu ndi pobwerera kwathu.