Mphunzitsi wa Apolisi Odzipereka

Madzulo, anthu ataweruka ku mgodi, ndipo mphunzitsi wa apolisi odzipereka ayamba nchito yace. Ophunzira ace si anyamata a ku Lilayi ai, kumene apolisi aphunzira kuyambira 1955. Ndiwo akalaliki, amakaniko ndi okumba mkuwa, ofika ali otopa.

Kuguba sikuwabvuta. Cobvuta ndi ici: kugwira munthu osammenya, kulemba m'buku zokhazo zimene maso anaona, ndi kuzinena m'khoti mosaonjezera. Pakuti wogwidwa pa mowa Loweruka angakhale mnansi wa wapolisiyo, ndipo Lolemba adzatsikira pamodzi m'mgodi.

Mphunzitsi akalephera pamenepa, komboni yonse idzaopa yunifomu, ndipo tsiku la mlandu mboni zidzatseka pakamwa.