MAU AMENE ANALANKHULA MLENDO WOLEMEKEZEKA PA MSONKHANO WATHU WA PACHAKA KU BALAKA



Nkhani yanga lero ndi ya ana athu amene amakhoza mayeso a Fomu 4 koma maina ao satuluka pa mndandanda wa ku Yunivesite. Malo m'mayunivesite a boma ndi ochepa, ndipo chaka chilichonse ambiri amatsala. Makolofe timangoti mwana walephera, iye n'kumangokhala pa sitolo. Ine ndikuti pali njira ina.

M'chaka cha 1999 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa bungwe la TEVETA kuti liziyendetsa maphunziro a ntchito zamanja, ndipo olemba anthu ntchito amasonkha ndalama zothandizira maphunzirowo. Tili ndi makoleji akuluakulu monga Soche, Nasawa, Lilongwe, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia. Kuyambira 1998 Balaka ndi boma palokha, ndipo sitisowanso kupita kutali: kuno kwathu kuli koleji ya Andiamo, kulinso ya Khwisa, imodzi mwa makoleji a m'madera amene boma linayamba kutsegula mu 2015. M'makoleji otere mwana amaphunzira ukalipentala, kumanga nyumba, kuwotcherera zitsulo, zamagetsi, umakaniko kapena utelala.

Ena mudzafunsa kuti, "Nanga digiri?" Maphunziro amenewa ali ngati makwerero. Mwana amayamba ndi satifiketi, n'kumakwera mpaka dipuloma. Akagwirako ntchito angathe kufunsira malo ku Yunivesite kudzera pa khomo la anthu amene ali kale pantchito. Polytechnic ya ku Blantyre, imene kuyambira 2021 ikutchedwa MUBAS, imaphunzitsa uinjiniya ndiponso uphunzitsi wa ntchito zamanja. Wolowera khomo limeneli amafika m'kalasi atagwira kale sipanala, ndipo nthawi zambiri fizi amalipira yekha. Njirayi ndi yaitali ndithu, koma paja tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Chofunika n'chakuti mwana asataye Chingerezi, masamu ndi sayansi, chifukwa Yunivesite imayang'anabe satifiketi ya Fomu 4. Makolo afufuzenso ngati koleji imene asankha ndi yovomerezeka, kuopa kutaya ndalama pa pepala lopanda ntchito.

Tsopano taonani dera lathu lino. Njanji yochokera ku Moatize kupita ku doko la Nacala imadutsa pa Nkaya ndi pa Liwonde. Pa phiri la Kangankunde pali miyala ya mtengo wapatali imene yakopa kampani ya Lindian ya ku Australia. Midzi yathu yadzaza ndi mijigo, zigayo, njinga zamoto ndi magetsi a dzuwa. Zonsezi zimaonongeka ndipo zimafuna mmisiri. Ngati ana athu sadziwa luso, ntchitozi adzagwira ndi alendo, ana athuwo n'kumangonyamula matumba a simenti pa ganyu.

Ine ndinapita ku Yunivesite ndipo sindinyoza digiri. Koma mu ofesi ya boma mmene ndimagwira ntchito timalandira makalata ambirimbiri a anthu ophunzira ofuna ukalaliki, pamene mmisiri wodalirika wa zamagetsi timachita kumufunafuna.

Choncho ndikupempha zinthu zitatu. Choyamba, pa thumba lathu lothandizira ana osowa tipatulepo gawo la fizi ndi bokosi la zipangizo, pakuti mmisiri wopanda zida ali ngati mlimi wopanda khasu. Chachiwiri, anzathu amene muli ndi magalaja, mashopu ndi makampani omanga, tengani ana awa akaphunzire ntchito kwa inu. Chachitatu, atsikana tisawakankhire ku utelala kokha. Naonso angathe kugwira waya ndi kukonza injini.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndikupempha a komiti kuti pomadzakumana chaka chamawa adzatiwerengere maina a ana amene tawatumiza.