Ulendo wa M'mizinda Yakale ya ku Italy

Akuluakulu anati mwana wosayenda amayesa amake okha ndiwo odziwa kuphika. Madzulo ano ndikufuna ndikusimbireni za ulendo wa masiku khumi umene ndinayenda pamodzi ndi gulu la alendo m'mizinda isanu yakale ya dziko la Italy: Roma, Pompeii, Florence, Pisa ndi Venice. Funso limene ndinabwera nalo kuchokera kumeneko ndi ili: n'chifukwa chiyani zomanga zina zimakhala zaka zikwi ziwiri zili chiimire, pamene zina zimatha ngati chulu chogumulidwa?

Ndiyambe ndi kayendedwe kake. Pa ulendo wotere munthu amalipiriratu zonse: basi, malo ogona, chakudya cham'mawa ndi matikiti olowera m'malo otchuka. Gulu lathu linali la anthu oposa 30 ochokera m'maiko osiyanasiyana, ndipo Amalawi tinalipo asanu. Wotitsogolera anali mayi wina wa konko, wokhala ndi chiphaso cha ntchitoyi, pakuti ku Italy si aliyense angangodzuka n'kuyamba kufotokozera alendo mbiri. Mayiwo ankayenda patsogolo atatukula ambulera yofiira kuti tiziwaona pakati pa chinamtindi cha anthu, ndipo aliyense wa ife anali ndi kachipangizo kam'khutu komvera mawu awo. Lamulo lawo linali limodzi: wosochera asamangoyendayenda, koma apite pamalo pamene tapangana ndi kudikira pomwepo.

Tinayambira ku Roma. Ambiri a inu dzinali munalimva kutchalitchi, pakuti buku la Machitidwe a Atumwi, mutu 28, limasimba za kufika kwa Paulo mumzindawu ali mkaidi. Malo oyamba kuwaona anali bwalo lalikulu lotchedwa Colosseum. Mfumu Vespasian ndiye anayamba kulimanga cha m'ma 72, ndipo mwana wake Titus analitsegulira m'chaka cha 80. Munkalowa anthu pafupifupi 50,000 kudzaonerera akapolo ndi akaidi akumenyana okhaokha kapena ndi zilombo mpaka kufa. Ndinaima pamenepo mtima uli zii, poganiza kuti luso lonselo linathera pa kusangalatsa anthu ndi magazi a anzawo.

Mbali imodzi ya khoma lakunja la bwaloli kulibe. Otitsogolera anatiuza kuti chivomezi cha m'chaka cha 1349 chinagwetsa mbali ya kummwera, koma chimene chinatsiriza ntchitoyo ndi anthu. Kwa zaka mazana angapo eni mzinda ankatuta miyala yake kukamangira nyumba za olemera ndi matchalitchi, ndipo mabowo amene akuoneka m'makoma ndi mmene anthu ankazulamo zitsulo zogwirizira miyala. Nyumba yopanda mwini imasanduka mgodi wa aliyense.

Tsono tsiku lomwelo tinaona nyumba ina ya m'nthawi yomweyo, yotchedwa Pantheon, imene Mfumu Hadrian anaimanga cha m'ma 125. Iyo ili yathunthu. Denga lake ndi lozungulira ngati mphika wovundikira, lotambalala mamita 43, loumbidwa ndi konkire yopanda chitsulo ngakhale chimodzi m'kati mwake. Pamwamba penipeni pali bowo lalikulu lolowetsa kuwala, ndipo mvula ikagwa madzi amatsikira m'timabowo tapansi. Chinapulumutsa nyumbayi n'chakuti m'chaka cha 609 anaisandutsa tchalitchi. Kuyambira pamenepo panali anthu oisesa, oikonza ndi oilondera. Mwaona kusiyana kwake: nyumba ziwiri za msinkhu umodzi, ina inasiyidwa, ina inapeza eni.

Chinanso chimene chinandigwira mtima ku Roma ndi madzi. Aroma akale ankakoka madzi kuchokera ku akasupe akutali kudzera m'ngalande zomanga ndi miyala, zotsetsereka pang'onopang'ono kuti madziwo aziyenda okha popanda injini. Imodzi mwa ngalandezi, yotchedwa Aqua Virgo, inamalizidwa zaka 19 Khristu asanabadwe, ndipo itakonzedwa kangapo ikuperekabe madzi ku kasupe wotchuka wa Trevi. Alendo amaponya makobidi m'kasupemo, ndipo ndalamazo zimaperekedwa ku bungwe la Caritas kuti zithandize osauka a mumzindamo. Ndinakumbukira mijigo ya kwathu imene imafa patangopita zaka zochepa chifukwa chosowa woisamala.

Mawa lake tinapita ku Vatican, kadziko kakang'ono ka Papa kamene kanakhazikitsidwa m'chaka cha 1929 m'kati mwa Roma momwemo. Tchalitchi cha Petro Woyera anayamba kuchimanga mu 1506 ndipo chinadalitsidwa mu 1626. Ndiye kuti amene anakumba maziko sanaone denga. Pakhomo salola munthu kulowa mapewa kapena maondo ali pamtunda. Alendo ena anatsala pang'ono kubwezedwa, koma amayi athu a ku Malawi anatulutsa zitenje m'zikwama n'kuwabwereka. Chitenje chinagwira ntchito ku Vatican tsiku limenelo! M'nyumba yopemphereramo ya Sistine tinayang'ana kudenga mpaka makosi kuwawa, kuona zithunzi zimene Michelangelo anajambula kuyambira 1508 mpaka 1512 ali pansanja.

Kuchoka ku Roma tinatsikira kummwera, ku Pompeii, pafupi ndi mzinda wa Naples. M'chaka cha 79 phiri la Vesuvius linaphulika n'kukwirira mzinda wonsewu ndi phulusa ndi timiyala mpaka kuya kwa mamita angapo. Unaiwalika, ndipo ntchito youfukula inayamba mu 1748. Lero munthu amayenda m'miseu yake n'kuona mikwasa ya magudumu a ngolo pamiyala, mphero, mauvuni a buledi ndi malemba a pamakoma okopa anthu pa chisankho. Mu 1863 katswiri wina, Giuseppe Fiorelli, anazindikira kuti mphako zina m'phulusa louma zinali malo amene munagona matupi a anthu. Anathiramo pulasitala, ndipo munatuluka maonekedwe a anthuwo monga momwe imfa inawapezera, ena atadziphimba kumaso. Pamenepo gulu lonse linangoti chete. Ife Amalawi tinayang'anana, pakuti tinakumbukira matope amene anatsika m'phiri la Soche mu Malichi 2023 pa nthawi ya namondwe wa Freddy. Phiri la Vesuvius linaphulika komaliza mu 1944, ndipo m'munsi mwake mukukhalabe anthu zikwi mazanamazana, chifukwa nthaka yake ndi yachonde. Munthu sasiya msanga munda umene ukumudyetsa.

Kenaka tinalowera kumpoto, ku Florence, umene eni ake amautcha Firenze. Tchalitchi chachikulu cha mzindawu anayamba kuchimanga mu 1296, koma mpaka zaka zoposa zana zinapita pakati pake pali pululu, chifukwa panalibe wodziwa kufolera malo otambalala chotero. Amene anathetsa vutoli anali Filippo Brunelleschi, munthu amene ntchito yake yoyamba inali yosula golide. Kuyambira 1420 mpaka 1436 anamanga denga la njerwa pafupifupi 4 miliyoni popanda mitengo yolichirikiza kuchokera pansi, poyala njerwazo mopingasa kuti zizigwirana zokha. Inu amisiri omanga nyumba mukudziwa kulemera kwa nkhani imeneyi. Ndinakumbukira tchalitchi cha St Michael and All Angels ku Blantyre, chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 ndi manja a makolo athu, motsogozedwa ndi mbusa David Clement Scott amene sanaphunzirepo za mapulani a nyumba. Tinaonanso chiboliboli cha Davide, chotalika mamita oposa 5, chimene Michelangelo anasema pa mwala umodzi wa nsangalabwi kuyambira 1501 mpaka 1504.

Koma nkhani ya Florence imene sindidzaiwala ndi ya pa 4 Novembala 1966, pamene mtsinje wa Arno unasefukira. Madzi ndi matope zinalowa m'matchalitchi ndi m'nyumba zosungiramo mabuku, ndipo pamakoma ena pali zizindikiro zoonetsa pamene madzi anafika, pamwamba kwambiri kuposa mutu wa munthu. Achinyamata ochokera m'madera onse a Italy ndi maiko ena anabwera mosaitanidwa, naima pamzere m'matope kupatsirana mabuku akale limodzi ndi limodzi kuti akaumitsidwe. Anthu anawatcha angelo a m'matope. Mutu umodzi susenza denga.

Ku Pisa tinangokhalako maola awiri, kuona nsanja yopendekera. Anayamba kuimanga mu 1173, ndipo inayamba kupendekera isanafike pakati chifukwa nthaka ya mbali imodzi ndi yofewa. Pofika 1990 inali pafupi kugwa, ndipo boma linaitseka. Akatswiri anachotsa dothi pang'onopang'ono pansi pa mbali yokwera kuti nsanjayo ibwerere m'mbuyo pang'ono, ndipo anaitsegulanso mu 2001. Sanaiongole yonse ayi, pakuti kupendekerako ndiko kumaitana alendo.

Mzinda wotsiriza unali Venice, womangidwa pa tizilumba 118 m'thamanda la madzi a m'nyanja. Nyumba zake zakhala pa mitengo imene inakhomedwa m'matope zaka mazana ambiri zapitazo, ndipo mitengoyo siola msanga chifukwa m'matopemo mulibe mpweya. Galimoto zimathera pakhomo pa mzinda. M'kati mwake basi ndi boti, ambulansi ndi boti, ngakhale otaya zinyalala amabwera pa boti, ndipo oyenda pansi amadutsa pa milatho yoposa 400. Inu a m'mbali mwa nyanja ndi a ku Chisi mukanamva ngati muli kwanu.

Kumeneku ndiko tinasochereza munthu. Abambo ena achikulire a m'gulu lathu anatsalira pogula mphatso za adzukulu, ndipo potembenuka anapeza ambulera yofiira yazimirira m'tinjira topapatiza. Titawerengana tinapeza kuti tikupereŵera mmodzi, ndipo mitima inali m'mwamba. Patapita pafupifupi ola tinawapeza atakhala phee patsinde pa nsanja ya mabelu ya pabwalo la San Marco, pamene tinapangana. Ndinati, "Bambo, mwatidetsa nkhawa." Iwo anaseka nati, "Mwana wanga, safunsa anadya phula. Ine ndinangotchula dzina la bwaloli, anthu n'kumandilozera ndi chala."

Venice ali ndi adani awiri. Woyamba ndi madzi. Pa 4 Novembala 1966, tsiku lomwe lija la Florence, madzi anakwera masentimita 194 kuposa muyezo wake, ndipo mu Novembala 2019 anafika pa 187. Boma linamanga zitseko zazikulu 78 pansi pa nyanja, zimene zimadzuka kutchinga mafunde, ndipo zinateteza mzindawu koyamba mu Okutobala 2020. Mdani wachiwiri, ndinene mosabisa, ndi ife alendo. Mu 1951 m'katikati mwa mzindawu munkakhala anthu pafupifupi 175,000, koma mu 2022 chiwerengerocho chinatsika osafikanso 50,000. Nyumba zambiri zasanduka zogonamo alendo, lendi yakwera, ndipo eni mzinda akusamukira kumtunda. Mu 2024 akuluakulu a mzindawu anayamba kulipiritsa alendo ongobwera tsiku limodzi pa masiku ena otanganidwa. Pamlatho wina ndinaona agogo ena aakazi akukoka kangolo ka ndiwo, akupempha njira pakati pa gulu lathu, ife tili kalikiliki kujambula zithunzi. Ndinachita manyazi. Zitseko zija zingathe kutchinga madzi, koma mzinda ukatha eni ake udzatsala ngati Colosseum.

Kodi ulendo wa pagulu ndi wabwino? Ubwino wake ndi wakuti munthu sasowa pogona, sataya nthawi pamizere ya matikiti, ndipo ali ndi womufotokozera zimene akuona, pakuti popanda wofotokoza mwala umangokhala mwala. Kuipa kwake ndi liwiro. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma ife tinkangomva kuti basi ikunyamuka. M'masiku khumi amenewo sindinalowe m'nyumba ya munthu wamba ngakhale mmodzi.

Tsono omvera, yankho la funso langa lija ndinalipeza. Chimene chimasunga chinthu chakale si kulimba kwa mwala kokha, koma anthu amene amachiyesa chawo. Nafenso tili nazo zathu: zithunzi za pamiyala za ku Chongoni m'boma la Dedza, zimene bungwe la UNESCO linazilemba m'kaundula wa chuma cha dziko lonse mu 2006, nyumba ya Mandala ya mu 1882, kachisi wa Mbona ku Khuluvi, ndi nkhalango za manda a mafumu m'midzi yathu. Pamiyala ina yakale ana alembapo maina awo ndi makala, ndipo njerwa za nyumba zina zakale zinatutidwa kukamangira makhitchini. Inu aphunzitsi, tengani ana a sukulu mukawaonetse malo akale a m'dera lanu. Inu mafumu, aikireni malamulo owateteza. Ndipo inu achinyamata, khalani pansi ndi agogo anu muwafunse mbiri ya malowo ndi kuilemba m'kope, pakuti iwowo ndiwo otitsogolera athu onyamula ambulera, ndipo sadzakhala nafe mpaka kalekale.