Nyuzipepala zakhala zikutilemba bwanji ife alimi?

Lero tikambirane za mmene nyuzipepala zakhala zikulembera nkhani za ife anthu a khasu.

Nyuzipepala yomwe lero timaitcha Daily Times inayamba m'chaka cha 1895 ndi dzina lakuti Central African Planter, kutanthauza kuti inali ya azungu eni minda. Pambuyo pake inatchedwa Nyasaland Times. M'menemo makolo athu ankatchulidwa kawirikawiri eni minda akamadandaula kuti antchito akusowa, kapena kuti ndi aulesi ofunika kuwafinya ndi msonkho. Chonsecho amene ankalima thonje ndi fodya pa thangata, kulipira malo okhala ndi thukuta lawo, anali makolo athu omwewo.

Mu November 1914, John Chilembwe analembera nyuzipepalayi kalata yodandaula kuti amphawi akufera pankhondo ya azungu, kusiya akazi ndi ana amasiye. Boma linaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe. Mu January 1915 anthu ake anaukira esiteti ya Bruce ku Magomero.

Ufulu utabwera mu 1964, mwini nyuzipepala anasintha koma mlimi sanapatsidwebe pakamwa. Daily Times ndi Malawi News zinali m'manja mwa Dr Banda. Zinkationetsa tikuvina Ngwazi ikamayendera minda. Zoti ADMARC inkagula mbewu zathu motchipa, komanso kuti lamulo linkaletsa mlimi wamng'ono kulima fodya wa bale mpaka 1990, sizinali nkhani za patsamba loyamba.

Anzathu, nkhani imakomera amene mtolankhani wamufunsa. Mitengo ikagwa ku okushoni, wogula amafulumira kunena kuti fodya wathu ndi wosasamalika. Tikakhala chete, zimenezo ndiye zimasanduka zoona, ndipo akuluakulu opanga malamulo amawerenga zomwezo.

Choncho tikupempha kalabu iliyonse kuti ikhale ndi kabuku. Lembanimo tsiku logulitsa, makilogalamu, mtengo, ndalama zomwe zadulidwa ndi sikelo yomwe venda wagwiritsa ntchito. Sankhani anthu awiri, mayi ndi bambo, oti azilankhula ndi atolankhani ndi wailesi za m'dera lanu. Mutu umodzi susenza denga: makalabu khumi akatulutsa mabuku onena chimodzimodzi, palibe mkonzi amene angati ndi mphekesera.