MAPHUNZIRO SATHERA PA KHOMO LA SUKULU

(Mau onenedwa pa msonkhano wa Bungwe lathu)

Taima pamaso panu, ife amene tinalekeza pa Standard 6.

Pali nthenda pakati pathu, ndiyo kuyesa kuti munthu akalandira setifiketi watsiriza kuphunzira. Ambiri a ife tinatseka mabuku tsiku lomwe tinayamba nchito, ndipo lero tingokopera makalata olemba ena. Kodi si zamanyazi zimenezi?

Makolo athu sanatero ai. Mnyamata anaphunzira kusula ndi kusaka kwa atsibweni ace, mtsikana anamva mwambo kwa anamkungwi, ndipo nkhalamba ya imvi inali kucherabe khutu pabwalo la milandu, pakuti safunsa anadya phula.

Ngakhale sukulu zoyamba sizinali za ana okha. Pamene Dr. Robert Laws anatsegula sukulu ya ku Khondowe mu 1894, anaika ukalipentala, kumanga nyumba ndi kusindikiza mabuku pamodzi ndi kuwerenga, kuti mutu ndi manja zikulire limodzi. Ku Jeanes, ku Domasi, kumene kunatsegulidwa mu 1929, aphunzitsi anadza ndi akazi ao, ndipo amaiwo anaphunzira zaukhondo ndi kulera makanda. Pambuyo pace mafumu omwe anakhala pa benchi osaona manyazi. A Levi Mumba ndi anzao, poyambitsa North Nyasa Native Association mu 1912, anali amuna a ndevu, komatu anadziphunzitsa kuwerenga malamulo ndi kulembera Boma mwaulemu ndi mosaopa.

Tsono maphunziro ncifukwa ninji? Si kolala yoyera ai. Ndi kuti mai awerenge yekha muyeso wa mankhwala a mwana wace. Kuti mlimi adziwe ngati sikelo ya wogula fodya inena zoona. Kuti munthu asadinde cala pa pepala logulitsa munda wace osadziwa.

Cifukwa cace tipempha zinthu ziwiri. Coyamba, yense wa ife wodziwa kuwerenga aphunzitse wamkuru mmodzi madzulo awiri pa sabata, kuyambira m'nyumba mwace. Caciwiri, tisonkhe mabuku amene agona m'mabokosi mwathu, tiwaike kwa Mlembi kuti tizibwerekana.

Ofuna kutero apereke maina ao kwa Mlembi tisanabalalike.